Tsitsi Langa mu Injini ya Alamu

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda, koma poti amayi a ku fellowship aiwanditsa kale m'tauni yathu yonse ya South Bend, bola muimve kwa mwini wake. Ine ndine nesi, magazi sindiwaopa, jekeseni ndimabaya osaphethira. Koma ndinakhalapo sabata yathunthu ndikunjenjemera chifukwa cha kagalimoto kapulasitiki kokwana m'chikhatho.

Achemwali anga amakhala ku Lawrence, ku Indianapolis, ndi amuna awo, bambo a Tadala. Alamu angawo ndi munthu wachete zedi. Mukawapatsa moni amayankha bwinobwino, kenako amatsikira ku basement, chipinda cha pansi pa nyumba, osatulukanso mpaka atawaitanira chakudya. Ine anthu achete sindiwakhulupirira. Zimenezi ndinaziyankhulapo mokweza ukwati wawo usanachitike, ndipo ndikudziwa kuti zinawafika m'khutu.

Loweruka lina m'mawa, nditapita kukacheza, achemwali anandituma kukatenga nyama ya mbuzi mu freezer ya pansipo. Alamu anali kuntchito. Ndinatsika, n'kuyatsa getsi.

Pakona panali tebulo. Patebulopo panali timipeni takuthwa ngati ta ku theatre kuchipatala, timabotolo tonunkha moboola mphuno, ndi timagalimoto todukaduka, kena kopanda denga, kena kopanda matayala. Pakati pa zonsezi panali galimoto yanga.

Sindikunena yofanana nayo ayi. Inali yanga yeniyeni, kungoti yaing'ono. Mtundu womwewo wobiriwira wofwifwa, kambendera ka Malawi pagalasi lakumbuyo, ngakhale chitseko chimene ndinagunditsa pachipilala ku parking ya kuntchito chinali chopindika chimodzimodzi. Pakhoma anamatapo zithunzi za galimoto yanga, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, zomwe sindinaone munthu akujambula.

Matayala akumbuyo anali aakulu ngati a thirakitala, akutsogolo owonda ngati a njinga. Boneti anaiboola pakati. Pampando wa dalaivala panakhala kachidole kopanda mutu. Mutuwo unali poteropo, m'kachivindikiro ka botolo, ukundiyang'ana.

Ndinawerama kusuzumira mu injini, ndipo ndinaona timaulusi tofiira moderako titamatidwa mosamala, kuchokera pakati kupita mbali zonse ziwiri. Ndinagwira kumutu kwanga pang'onopang'ono. Linali tsitsi langa.

Ine ndinakulira ku Malawi, musandifunse zambiri. Munthu akatola tsitsi lako, n'kuumba chifanizo cha galimoto yako, n'kudula mutu wa woyendetsa, sakukonzera mphatso ya Khirisimasi. Ndinadziwa pomwepo kuti ngozi yanga yakonzedwa kale, changotsala ndi tsiku.

Ndinakwera masitepe manja ali lende.

"Mbuzi ili kuti?" anafunsa achemwali.

"Yatha."

"Yatha bwanji iwe Thoko, ndagula dzana lomweli?"

"Achemwali, kodi alamu amatani pansipa?"

"Aa, zidole zawozo. Asiye, bola sapita ku bar."

Ndinawayang'ana mwachisoni. Awa anawadyetsa kale, ndinatero chamumtima.

Vuto linali loti Lolemba ndinali ndi shift, ndipo njira yobwerera ku South Bend inali imodzi yokha: kuyendetsa galimoto yomweyo. Lamlungu masana ndinainyamula nditayatsa ma hazard, ndili kumphepete kwenikweni kwa msewu, ndikuimba makolasi onse amene ndinaphunzira ku Sande sukulu. Thiraki iliyonse ikandidutsa ndimati ndi imeneyi. M'minda ya chimanga imene ndimaikonda masiku onse ndimangoonamo malo ogubuduzikira.

Chakufupi ndi Kokomo wapolisi anandiimitsa. Anati ndikuyenda pang'onopang'ono mpaka ndikuika anthu ena pachiswe, n'kufunsa ngati ndikudwala. Ndikanamuuza chiyani mzungu wa yunifolomu? Kuti alamu anga andidula mutu ku basement? Ndinangoti, "I'm just being careful, officer," misozi ili m'maso. Anandiperekeza pambuyo kamtunda ndithu, magetsi ake akuthwanima, ine n'kumaona ngati ndi mdipiti wa maliro anga womwe.

Nditafika ndinaipaka galimoto osaikhudzanso. Kuntchito ndimapempha lift. Khosi linayamba kuwawa, mbali yomweyo imene kachidole kanadulidwa. Ndimadziyeza BP pakati pa odwala, ndipo yanga ndi imene inali yoipa kuposa onse pa ward.

Lachitatu ndinalephera kupirira. Ndinakagogoda kwa Mayi Gondwe, amene amatsogolera mapemphero a amayi ku fellowship yathu. Anamvetsera osaseka ngakhale pang'ono.

"Mwanawe, unaona ndi maso ako?"

"Ndi maso anga, mayi. Tsitsi langa lili mu injini."

Anapukusa mutu. "Anthu amakwera nazo ndege zinthu zimenezi. Mawa tiyamba kusala kudya. Loweruka tinyamuka pa van yanga, yakoyo isiye pomwepo."

Loweruka tinafika ku Lawrence tili anayi: ine, Mayi Gondwe ndi amayi ena awiri a mawu amphamvu, tonse m'mimba muli pululu. Mayi Gondwe anali ndi botolo la mafuta odzozera m'chikwama. Achemwali atatsegula chitseko anadzidzimuka.

"Kwagwanji kodi? Kumudzi kuli bwino?"

"Kuli bwino. Tabwera kudzaona basement."

Tinatsika tikuimba. Kenako nyimbo inaduka yokha.

Patebulo paja panakhala chinthu cha mphuno ziwiri zozungulira ngati nkhumba, maso akuluakulu a magalasi, m'manja muli kamfuti kolira kuti psii, psii, utsi wobiriwira ukutuluka. Mmodzi wa amayi aja anabwerera m'mwamba osatsanzika. Ine ndinagwira chitenje cha Mayi Gondwe ngati mwana pamsika.

Mayi Gondwe sanabwerere m'mbuyo. Anatsegula botolo n'kulikweza m'mwamba.

"Chilichonse chomangidwa m'nyumba muno chimasuke!"

Chinthu chija chinadumpha n'kuphimba kagalimoto ndi manja onse awiri.

"Mayi, mafuta ayi! Penti sinaume!"

"Mwaona?" ndinanong'ona. "Akuchiteteza."

Alamu anavula chigoba chopumira chija ndi magalasi, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi. Apo m'pamene mantha anga anasanduka mkwiyo, ndipo ndinalira mokweza.

"Alamu, ndinakulakwirani chiyani choti mpaka mundiphere pamsewu? Ngati ndi mawu aja ndinayankhula kale, si mukanangondiitana tikambirane?"

"Kukupherani? Ine?"

"Galimoto iyi ndi yandani?"

"Ndi yanu."

"Avomera," anatero Mayi Gondwe.

Alamu anakhala pansi. Kuyambira pamene ndinawadziwa, ndinali ndisanawamvepo akuyankhula mawu ambiri ngati tsiku limenelo. Anati kuno kuli mpikisano wotchedwa drag racing, magalimoto awiri amangothamanga molunjika pamsewu waufupi, wofika msanga wapambana. Iwo amapanga timagalimoto ta mpikisanowo tapulasitiki. Amagula mabokosi angapo, n'kutenga thupi m'bokosi ili, injini m'bokosi ilo, matayala kwinanso, n'kulumikiza kukhala galimoto imodzi imene kulibe shopu imagulitsa. Anati anzawo amati kitbashing, ndipo amakaonetsana zimene apanga muholo ina ku Beech Grove.

"Nanga bwanji yanga?"

"Anthu amakonda galimoto yooneka ngati yopitira ku tchalitchi koma ili ndi injini ya chilombo. Yanuyi, alamu, palibe angaiganizire."

Chipongwe chimenecho ndinachimeza, chifukwa panali nkhani zikuluzikulu.

"Mutu wa munthuyu munaduliranji?"

"Nditaika zitsulo zotetezera dalaivala, mutu umagunda denga. Ndikufupikitsa khosi pang'ono, ndiubwezera."

Ndinagwira khosi langa. Linali litasiya kuwawa, ndipo zimenezo zinandikwiyitsanso. Koma ndinali ndi umboni umodzi umene sakanauzemba, ndipo Mayi Gondwe anaufikira ndisanatsegule pakamwa.

"Bambo, zonsezo tamva. Tsopano tiuzeni za tsitsi la mwanayu."

"Tsitsi?"

"Mu injinimo!" ndinakuwa.

"Oo, mawaya a ma plug. Ndinayesa ulusi wosokera, unali ndi ubweya. Waya weniweni unanenepa. Kenako ndinatola timeneti m'bafa la alendo mutapita ulendo wina uja. Size yake ndendende, mtundu wakenso."

"Ndiye mukuvomera pamaso pa amayiwa kuti munatenga tsitsi langa?"

Alamu anayang'ana akazi awo, amene anali ataima pamasitepe manja ali m'chiuno. Anayang'ananso pansi. Munthu wachete uja anayankhula mofatsa kwambiri, ngati akupepesa maliro.

"Pepani alamu, koma nditaotcha kunsonga kuti ndipange timitu ta ma plug, linasungunuka ngati jumbo. Ndi pulasitiki yabwino kwambiri."



"Iwe Thoko," anatero achemwali, "si wivi ija tinagula limodzi ku Lafayette Square, ya pa sale?"

Inali yomweyo. Ndinaivala nthawi yaitali mpaka ine mwini ndinaiwala kuti inabwera m'paketi. Choipa kwambiri, amayi a fellowship omwewa ndinawauza kuti ndi langa lobadwa nalo, landikulira chifukwa cha mafuta a nsatsi, ndipo ena anali atayamba kale kudzola.

Mayi Gondwe anatseka botolo lawo pang'onopang'ono. Anandiyandikira, n'kugwira kumutu kwanga, n'kutikita tsitsilo ndi zala ziwiri ngati akusankha nsalu. M'mimba mwawo munalira, tonse tinamva.

"Mwanawe," anatero, "bambowa akanakhala mfiti, akanalodza fakitale. Ife tasala kudya kuyambira Lachinayi chifukwa cha pulasitiki?"

Usanalire kuti akulodza ndi tsitsi, yamba wakumbuka ngati ndi lako.