Maikolofoni Awiri ndi Gitala ya a Fulajensio

Lolemba
A Fulajensio, oimba gitala m'kwaya yathu kuno ku Chongoni kuyambira ine ndisanabadwe, akusamukira kwa mwana wawo ku Lilongwe Lamlungu. Gitala imene ija sinajambulidwepo! Ndiijambula ineyo. Zilipo: laputopu yobwereka, ampulifaya ya tchalitchi, maikolofoni awiri. Awiritu! Mawu atuluka onenepa kawiri.

Lachiwiri
Maikolofoni imodzi pakamwa pa sipika ya ampulifaya, ina pa benchi. Akuimba, thupi langa lonse tsemwe. Pomvetsera: yoyamba payokha, bwino. Yachiwiri payokha, bwino. Zonse pamodzi, kamawu ka udzudzu! Abale, mawu apita kuti?

Lachitatu
Ndaimbira msuweni wanga wa ku situdiyo. Akuti: "Mawu amayenda ngati mafunde. Akuchedwa kufika pa ya pa benchiyo, ndiye funde lina likamakwera linzake likutsika, akudyana. Zonse zitalikirane ndi sipika mofanana." Ha! Mawu n'kuchedwa panjira ngati munthu? Ndaphunzitsa ana zaka zonsezi osadziwa. Mulungu analenga zinthu, ndagoma!

Lachinayi
Ndikuyeza ndi luzi. Kusuntha imodzi chala chimodzi chokha, mawu akunenepa ndikumva ndi makutu angawa. Kubweza, akuonda. Zodabwitsa! Kusuntha, kubweza, tsiku lonse. A Fulajensio akungobwereza chiyambi, ine n'kuwaimitsa. "Aphunzitsi, nyimboyi ili ndi kumapetonso." Mawa, bambo, mawa. Malo abwino ndawalemba ndi choko pansi.

Lachisanu
Amayi a mphakati akolopa m'tchalitchi. Choko chafufutika, pansi mbee! Ampulifaya aiika pa tebulo, aiyalira nsalu, pamwamba maluwa. "Inali pa fumbi, aphunzitsi." Luzi lija amangira tsache. Tayambiranso, kukuzizira koopsa.

Loweruka
Zatheka! Mawu odzaza, akuya, ofika mpaka m'mimba. Ndagwetsa misozi osachita manyazi. Ndikuti tsopano imbani yonse. A Fulajensio akundionetsa zala: zatupa ngati mbatata, waya wa gitala wadula ziwiri. "Zakana izi, mwanawe."

Lamlungu
Misa yopanda gitala. Ndawanyamulira chikwama mpaka pa msewu, andidalitsa, apita. Mu laputopu muli chiyambi cha nyimbo chojambulidwa maulendo makumi anayi ndi asanu ndi awiri. Chomalizacho n'chokoma kwabasi, ngakhale angelo angaime kumvetsera. Kumapeto kwake kwakwera minibasi. Basi.