Masaya Awiri a Apongozi

Usiku wapitawu ndinalota maloto oti ndikanakhala kwathu ku Dowa ndikanakawatula kwa abusa, koma poti tili kuno ku Valencia, muwamva ndinu. Lonjezo, tsitsa nyimbozo. Tiyamike, usayambe kuseka ndisanafike poseketsa.

Za ine ndi Nuria mukuzidziwa, mtsikana uja timaphunzira naye za ulimi wothirira. Za sabata yatha nazonso munazimva. Tikuyenda mumsewu, iye anangoti, "Amayi anga ndi awo akubwera apowo!" Ine, mwana woleredwa bwino, wodziwa kuti apongozi sukumana nawo maso ndi maso, ndinapatuka msangamsanga n'kukanjuta kuseri kwa galimoto yoimika, nkhope nditalozetsa kukhoma, uku ndikuwomba m'manja chapansipansi. Kwathu akanati mkamwini ndi ameneyu. Kuno mayiwo anafunsa mwana wawo ngati ndatsegula m'mimba. Nuria anakwiya mpaka misozi. Anati lero Lamlungu ndikadye kwawo, ndikawapsompsone mayi ake masaya onse awiri monga amachitira anthu kuno, ndikawatchule ndi dzina lawo lenileni, Amparo, ngati mnzanga wosewera naye mpira. Ndikathawanso, ndisadzamuimbirenso foni. Ndinagona ndi mawu amenewo mtima uli m'mwamba, chifukwa mtsikanayu ndimamukonda, ndipo musandiyang'ane choncho.

Ndiye m'malotomo kunali kutacha kale, dzuwa lili phwee, ine nditatchena jekete, ndikutuluka pakhomo kupita kwa apongoziwo. Mwadzidzidzi nsapato zanga zija za pakaunjika zinayamba kukangana.

Yakumanja inati, "Ine ndinabadwira konkuno. Ku Malawi ndinangopitako m'belo. Njira ya kwa Amparo ndikuidziwa, tiyeni."

Yakumanzere inati, "Amparo ndiye ndani? Ukutchula apongozi ngati ukuitana galu? Ine anandisoka ndi tayala pa Mponela, ndine Mmalawi weniweni. Kumeneko sindikapondako."

Ndiye ina inalowera kutsogolo, ina kumbuyo, ine n'kuyamba kuzungulira pakati pa msewu ngati nguli. Malalanje aja amangolendewera m'misewu muno popanda wowathyola anayamba kundiseka. Limodzi linati, "Achimwene, chibwerereni kuno mumangotiyang'ana ndi njala. Lero tikuyang'aneni ndife."

Ndikuzungulira choncho, mwadzidzidzi wezulo inalira. Wapolisi anabwera akupalasa njinga yopanda matayala, ndiye atatsika anandifunsa kumene ndikupita. Ndinati kwa apongozi. Anandifunsanso kumene ndikuthawa. Ndinati kwa apongozi omwewo. Anakanda m'mutu, ndiye khosi lake linayamba kutalika, kutalika, mphuno n'kusanduka mlomo wachikasu, mpaka ndinapezeka ndikuyankhula ndi tsekwe wovala chipewa cha boma.

"Mlandu wako ndi woyenda ulendo pamalo amodzi," anatero tsekweyo. "Tsogola."

Kutsogola kwake ndinatsogolabe mozungulira, iye akundijompha m'akatumba, mpaka tinakafika ku ofesi ya anthu obwera. Mzere unali wautali, wodutsa pawindo n'kukakwera denga la tchalitchi, koma tsekwe anandipititsa kutsogolo. Kuseri kwa galasi kunali bwana wina wonenepa, wa tayi yofiira.

"M'jumbomo mwabisamo chiyani?" anafunsa bwanayo.

Ndinadabwa, chifukwa sindinkadziwa kuti ndanyamula jumbo. Koma inalipodi m'manja mwanga, yakuda, yolemera, ndipo m'kati mwake munali chinthu chofunda chimene chinkapuma. Nditasuzumira ndinachizindikira pompo.

"Ndi manyazi anga, bwana."

"Ikani pasikelo."

Nditaika, sikelo inakuwa, "Mayo msana wanga ine! Awa si a munthu mmodzi, awa ndi a mudzi wonse!"

Ndiye bwana uja anayamba kubiriwira, kuyambira pa tayi mpaka m'makutu, zala n'kugwirana ziwiriziwiri, mchira n'kupindika kumbuyo kwa mpando. Anali bilimankhwe tsopano. Diso limodzi linali pa ine, linalo pa wotchi ya pakhoma.

"Munalowa nawo bwanji m'dziko muno?"

"Ndinabadwa nawo, bwana."

"Kuno anthu amapsompsonana m'basi, m'chipatala, ngakhale pamaliro. Katundu wotereyu atitsekera njira. Tikulanda."

Anayamba kutambasula dzanja kuti atenge jumboyo, koma mukudziwa mayendedwe a bilimankhwe: kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono, kuganizira kaye. Ine mtima unandiwawa, abale, chifukwa manyaziwo, ngakhale amandivutitsa, ndi anga. Dzanja litatsala pang'ono kufika, wotchi ija inayasamula n'kunena kuti, "Nthawi ya tulo ta masana yakwana." Pomwepo bilimankhwe anagona dzanja lili m'malere. Tsekwe naye anapisa mutu m'phiko. Mzere wonse uja unagona choimirira, mpaka amene anali padenga la tchalitchi. Ine ndinanyamula jumbo yanga mwakachetechete n'kutsegula chitseko.

Koma chitsekocho sichinanditulutsire kumsewu. Mwadzidzidzi ndinali mu bala, imodzi mwa zija amapachika miyendo ya nkhumba youmitsa kudenga. Mipando inali itandandalikidwa ngati m'kalasi, ndiye mwendo umodzi, wonona kuposa inzake, unatsokomola n'kunditchula dzina ndi mawu a mphunzitsi wathu wa za nthaka.

"Ganizani, wachedwanso. Lero ndi mayeso a kupsompsona. Bwera kutsogolo, uyerekeze kuti ine ndine apongozi ako."

"Koma inu ndinu nkhumba."

"Ndinali. Pano ndimaphunzitsa. Tamvera: sunyowetsa munthu ayi. Tsaya ligunde tsaya, kamlomo kalire m'malere, kenako mbali inayo. Yamba."

Ndinayandikira. Ndisanafike n'komwe, ndinangozindikira ndili pansi, dzanja lamanzere litagwira chigongono chamanja.

"Ukugwadiranji?"

"Si ine, aphunzitsi, ndi mawondo."

Mawondo anati, "Ife palibe anatiuza kuti zinthu zasintha."

Ndinadzuka, ndinayesanso, ndiye ulendo uno ndinapita ndi liwiro kuti mawondo asazindikire, n'kukagunda mwendowo ndi chipumi, gu! Unayamba kulendewera uku ndi uku, ukugunda inzake, miyendo yonse ya kudenga n'kumawombana ngati mabelu. Mabotolo a pashelefu anaseka mpaka ena kutayika. Mphunzitsi anadikira kuti aime kaye, kenako anati, "Kugunda wagunda, koma apongozi ako akakomoka. Pita, nthawi yatha. Zotsalazo ukaphunzirira pa munthu."

Ndiye pansi panatseguka, ine n'kugwera m'chikepe chokwerera m'nyumba yosanja ya kwa a Nuria. Chikepecho chinkaitanira ngati kondakitala wa minibasi ya ku Lumbadzi: "Wa kwa apongozi! Kwa apongozi mmodzi! Watsala mmodzi tinyamuke!" M'katimo munadzaza kale. Munali malalanje aja, munali tsekwe akadali mtulo, munali mayi wina atanyamula mpando wa m'tchalitchi pamutu. Chikepe chinati, "Sunthanani kumbuyoko, malo alipo. Achimwene a jumbo, katunduyo mumuike pamiyendo."

Ndinafunsa ngati pali potsikira panjira.

"Galimoto ino siima," chinatero. "Amene safuna apongozi akanakwera ya mawa."

Tinakwera, tinakwera, kudutsa makonde a anthu oyanika zovala, kudutsa mitambo, ndiye chitseko chinatseguka n'kundilavulira pakhonde lalitali loyala matailosi. Kumapeto kwake kunali chitseko chimodzi chokha, ndipo pansi pake pankatuluka fungo la mpunga wachikasu uja amaphika m'chiwaya chachikulu ngati gudumu la njinga. Nsapato yakumanzere inayamba kununkhiza uku ndi uku.

"Tchire lili kuti? Dziko lanji lopanda tchire? Munthu akakumana ndi apongozi amalowa pati?"

Chimene inapeza ndi kamphika ka maluwa pakona, kokhala ndi kamtengo kosafika n'komwe m'bondo. Inandikokera komweko, ine n'kunjuta kuseri kwake, jumbo ili pachifuwa.

Kamtengoko kanati, "Achimwene, timasamba tanga mukutiona tomweti. Ndikubiseni mbali iti, mphuno kapena khutu?"

Mwadzidzidzi chitseko chija chinatseguka. Anatulukira mayi Amparo, tsitsi lofiirira, milomo yopaka, manja atatambasula ngati akufuna kugwira nkhuku yothawa. Anafuula dzina langa mpaka matailosi ananjenjemera: "Ganizaniii!" Kumbuyo kwawo kunali Nuria, nkhope ili gwa, foni ili m'manja, chala chili pamwamba pa dzina langa. Dzinalo linkaphupha m'foni muja likukuwa, "Bwana, chitanipo kanthu, ndikufufutidwa kuno!"

Apo ndiye ndinaopa zenizeni. Osati kuopa tsekwe kapena bilimankhwe, koma kuopa kuti mtsikanayu andichoka chifukwa cha ulemu wanga womwe. Ndinayesa kusiya jumbo pansi, inakana kuchoka m'manja. Ndiye ndinangoisenza pamutu ngati ndowa, ndinauza mawondo kuti amene agwade ndimudula, ndinauza nsapato zonse ziwiri kuti zitseke pakamwa, n'kuimirira. Ndinayenda khonde lonse lija nditatsinzina. Nditamva mpweya wa munthu pafupi, ndinapendeketsa mutu, tsaya n'kugunda tsaya, kamlomo n'kulira, mpsoo!

Koma fungo silinali la mafuta onunkhira a kuno. Linali la utsi wa zitsononkho ndi mtedza wokazinga. Nditatsegula maso, amene anaima pakhomopo anali amayi anga ondibereka, atavala duku lawo la Mvano, mapazi ali mbuu ndi fumbi la kumunda.

"Iwe Ganizani," anatero, "wayamba liti kunyambita anthu?"

"Pepani amayi, ndimayesa ndi apongozi."

"Apongozi! Ndiye zimene unakwerera ndege ndi zimenezi?"

Anapukuta tsayalo ndi nsonga ya chitenje, n'kuyang'anitsitsa chitenjecho ngati pakhala banga. Ine ndinangoti zyoli. Koma pansi pa manyaziwo panabwera chinthu china chimene sindinachiyembekeze. Ndinawasowa, anzanga, ndinawasowa koopsa. Tsiku lija ndinkanyamuka, pabwalo la ndege tinangopatsana dzanja ngati anthu okumana kumsika. Anati, "Ukafike bwino, usakaiwale kupemphera," n'kutembenuka kumakonza duku lomwe linali bwinobwino. Chikulireni changa ndinali ndisanakhudzepo nkhope yawo.

Amayi ananditula jumbo ija pamutu, ndipo kwa iwo inachoka mosavuta. Anasuzumiramo n'kugwira pakamwa.

"Onsewa unanyamula ndiwe? N'chifukwa chake kunyumba atisowa! Mlongo wako masiku ano akumayankha amalume ake ali chiimire."

Anatapako pang'ono ndi zala, monga amatapira mchere, n'kundithirira m'thumba la malaya. Otsalawo anamanga pachitenje.

"Tsono mayi wa mwanayo," anafunsa, "atakuona utanjuta kuseri kwa galimoto, anati chiyani?"

"Anayesa ndadwala m'mimba. Mwana wawo akuti mwina ndimanyansidwa nawo."

Amayi anaseka mpaka kugwira chitseko. Atatha anapukuta misozi n'kunena kuti, "Koma ndiye unawalemekeza mpaka kuwatukwana. Ndi wabwino mwanayo?"

"Ndi wabwino, amayi."

"Amadya?"

"Amadya kwambiri."

"Basi."

Ndiye anasuzumira kumanja kwa khonde, anasuzumira kumanzere, anayang'ana kamtengo kaja mpaka kanatembenukira kukhoma. Atatsimikiza kuti palibe akuona, anakweza duku pang'ono n'kunditembenuzira tsaya linalo.

"Ndamva kuti kuno amachita mbali zonse ziwiri," ananong'ona. "Fulumira, anthu a kumpingo asanatipeze."

Ndinawerama, tsaya lawo lili pompo, timakwinya take ndikutiona bwinobwino. Nditangotsala pang'ono kufika, mwadzidzidzi khwerererere! Anali mkulu wa shopu ya buledi pansipa akukweza chitseko chake chachitsulo, monga amachitira m'mawa uliwonse. Ndinadzidzimuka ndili ndekha pabedi, milomo ili chisongokere, kupsompsona kwachiwiri kuja kukadali pakamwa. Ndiko ndikupita nako kwa mayi Amparo masana ano.