Chingwe kuchala, foni m'mwamba

Mpaka lero amayi akafuna kuseketsa alendo amangoti, "Za mbalame mufunseni uyu, anaziphunzira." Ine ndimangozyolika.

Zinachitika patchuthi, ndikuphunzira zaulimi ku yunivesite. Aphunzitsi anatipatsa ntchito yolemba za katetezedwe ka mpunga ku mbalame, nkutiuza kuti mabuku onse ali mu laibulale ya pa intaneti. Ine laibulaleyo ndinali ndisanalowemo. (Tsiku limene ankationetsa kalowedwe kake ndinali kumpira.)

Kwathu ku Likangala netiweki njamwano. M'nyumba simalowa, koma kusikimu ya mpunga, pakachisakasa ka m'munda mwathu, imagwira. Ndiye amayi atadandaula kuti mpheta zayamba kutera mumpunga, ndinadzipereka msangamsanga.

"Iweyo? Kukaingitsa mbalame?" anadabwa amayi. "Kodi uli bwinobwino?"

"Ndingokuthandizani, amayi."

Mpungawo ndi umene tinkadalira chaka chonse, ndipo ngala zinali zitayamba kuwerama. Ntchito yake njosavuta: m'munda monse mumadutsa zingwe zokolekapo zitini, iwe nkumakoka uku ukukuwa. Koma manja anga onse ankafunika pafoni. Apa mpamene nzeru za kuyunivesite zinanditsikira: ndinamangirira chingwe kuchala chachikulu cha kuphazi.

Poyamba zinkayenda. Kenaka pasiwedi yolowera mu laibulale ija inandikana. Ndinayesa dzina langa, la mudzi wathu, mpaka la galu, ndiye inatsegula. Abale inu, mabuku! Ambirimbiri, aulere, m'kafoni kanga komweka. Ndinasangalala ngati mwana wopatsidwa nsapato zatsopano, phazi nkuiwala ntchito yake.

Buku lili mkati motsika kuti lilowe m'foni, netiweki inathawa. Ndinadzambatuka, foni m'mwamba, nkumaisaka cham'mbuyombuyo. Chingwe chija chinakungika. Ndinagwa chagada m'ngalande, zitini zonse zinalira, ndipo mtambo wa mpheta zokhuta unadzuka m'munda mwathu.

Abiti Saidi, a munda woyandikana nafe, anaseka mpaka kukhala pansi.

"Mwanangu, ndakhalatu ndikukukuwira! Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Lero ndadzionera ndekha!"

Amayi, omwe ankandibweretsera mbatata, anandipeza ndili matope okhaokha, koma foni ili youma m'mwamba, buku lija litalowamo. Anayang'ana pangodya ya munda pomwe panangotsala mankhusu. Ndinachita mantha, ndipo manyazi anandigwira powafotokozera za bukulo.

"Bukulo watenga?" anafunsa.

"Ndatenga, amayi."

"Tiwerengere. Likuti chiyani za mbalame?"

Ndinawerenga uku ndikumasulira, mawu akunka nachepa. "Likuti njira yodalirika kwambiri ndi yakuti... pamunda pakhale munthu watcheru woziingitsa."

Amayi anayesa kulimba nkhope, koma chiseko chinawaphulika. "Abiti, mwamva? Ophunzira alemba!"

Mbali yaikulu ya munda inapulumuka, ntchito ija ndinakhoza, ndipo laibulaleyo pano ndine amene ndimaphunzitsa anzanga kulowamo. Koma ndikati ndipite kumunda, amayi amaima pakhomo atatambasula dzanja, foni itsale.