Malovu a Mayi Morag

Azakhali anga ku Mulanje anandichenjeza ndili namwali: "Tsitsi, zikhadabo ndi malovu usadzapatse munthu, ngakhale abusa." Ndasunga mawu amenewa mpaka imvi, ndipo ndi amene andivula ulemu kuno ku Springburn, mumzinda wa Glasgow ku Scotland.

Kwathu kuli nkhani yakale. Amati agogo a mayi anga ankaphikira mzungu wina wa ku Scotland, mmodzi wa oyamba aja amene anagwetsa nkhalango m'tsinde mwa phiri n'kubzala khofi, tiyi asanafale. Mzunguyo anachoka, koma anasiya mwana woyera khungu. Dzina lake lenileni palibe analisunga, anthu ankangomutcha Chindevu. Ine sindinavutike nazo. Munthu wothawa mwana ndimufuniranji?

Koma mdzukulu wanga Tadala, amene amagwira ntchito za makompyuta, anati popeza tikukhala kwawo kwa Chindevu, tipeze abale ake. Anafufuza m'mabuku akale a mishoni osapeza kanthu. Kenako anabwera ndi kabotolo, akuti masiku ano chibale amachiyeza ndi malovu.

"Agogo, mungolavuliramo mpaka pamzerepa. Inu ndinu wamkulu, malovu anu ndi amene angaonetse bwino."

"Akupita kwa ndani?"

"Ku labu."

"Kulabuko kuli wachibale wathu?"

Anayankha m'Chingerezi chake cha ku Glasgow chija, chimene ndimangomvako kumapeto. Ndinamuuza kuti akasiye kabotoloko, malovu anga sabwera anthu akundiyang'ana.

Atapita ndinakhala pansi n'kuganiza. Khomo loyang'anana ndi langa ndi la Mayi Morag, nkhalamba yamasiye. (Nawonso sindiwakhulupirira. Amadziwa bwanji nthawi imene ndimatuluka?) Ndinati mumtima, mzungu salodzeka. Komanso amene tikumufunayo ndi mzungu. Nanga si malovu a mzungu mnzake ndiwo angamupeze msanga? Ndinagogoda, ndikuwauza kuti mankhwala a bipi andiumitsa kukamwa, andithandize. Anaseka, anavula mano awo oikirira, n'kudzaza mpaka pamzere. Ndinatseka kabotolo ndikudzitama kuti nzeru ndili nazo.

Patatha masabata angapo Tadala anafika Lamulungu titaweruka kutchalitchi, jekete osavula.

"Agogo, zotsatira zikuti mulibe magazi a ku Africa ngakhale dontho."

"Makina a azungu amaona azungu okhaokha."

"Zikutinso muli ndi mlongo wanu, mayi mmodzi. Akukhala ku Dennistoun, mumzinda muno."

"Amayi sanafike ndi ku Lilongwe komwe."

Tadala anati, "Bamboyo wandilembera. Anaperekedwa kwa anthu ena ali khanda, ndipo wakhala akufuna abale ake moyo wake wonse. Akubwera Loweruka. Ngati pali chimene mukufuna kundiuza, nenani lero."

Ndinamufunsa ngati wadya.

Sabata yonse ndinapemphera kuti basi imusocheretse. Loweruka masana ndinasuzumira pakabowo ka chitseko: mzungu wamtali, wadazi, tayi pakhosi, maluwa m'manja. Tadala anatsegula ine ndisanamuletse. Bamboyo anandiona mmene ndililimu, wakuda bii, duku kumutu, ndipo anaima kaye. Ndinati basi, wazindikira, abwerera. Ayi ndithu. Anandikumbatira n'kuyamba kulira paphewa panga, akuti zilibe kanthu, mlongo ndi mlongo.

Ine ndimatha kunamiza mdzukulu, ndimatha kunamiza labu. Koma bambo wamkulu akukunyowetsa bulauzi ndi misozi, bodza limakanirira pakhosi. Ndinamugwira dzanja, maluwa ndi onse, tinadutsa pakhonde, ndinagogoda kwa Mayi Morag. Atatsegula sindinafunike kulankhula zambiri. Mphuno imodzi, makutu amodzi. Ndinangoti, "Mayi, malovu anu aja abwera ndi munthu."

Mayi Morag sankadziwa n'komwe kuti mayi awo anabereka mwana asanakwatiwe. Kenako anamulowetsa, ndipo ine anandisiya panja ngati wobweretsa makalata.

Tsopano awiriwo amamwa tiyi pafupifupi tsiku lililonse. Akandiona pamasitepe amanditcha mngelo. (Ndikudziwa kuti akatseka chitseko amandiseka.) Kutchalitchi nkhani inafika ine ndisanafike, moti amayi a chigwirizano akandipatsa moni amaphimba pakamwa.

Amene sanaseke ndi Tadala. Anati, "Ndimafuna kudziwa kumene ndinachokera, Agogo, inu mwandisandutsa chitsiru." Anaika kabotolo katsopano patebulo, nati sapondanso pakhomo panga mpaka ndilavulire iye akuona. Ndinalimba masabata awiri. Foni zii. Sabata lachitatu ndinamuimbira ndekha, anabwera, anakhala moyang'anana nane manja atapinda, ine n'kulavula mpaka pamzere. Anapita nako yekha ku positi, sanandikhulupirire ngakhale kunyamula envulopu.

Ndiye malovu anga ali m'manja mwa anthu osawadziwa, ndipo bondo lakumanzere layamba kale kuwawa. Tadala akuti ndi masitepe. Chindevu sanapezeke, ndipo akadzapezeka abale ake ndili nawo mafunso. Pakadali pano, inu amene mumadutsa ku Springburn, muzindizonda. Mukagogoda muime patali pang'ono, ndikuoneni nkhope ndi manja onse awiri.