Zikomo Bwana Potitumizira Mphunzitsi wa Pakhoma

Kwa Bwana Mkulu Woona za Maphunziro Amakono,

Wolemekezeka,

Ndalemba kalatayi nditagwada, chipewa chili m'manja. Ndine mphunzitsi wamba wa masamu, wa kalasi imene ikulemba mayeso chaka chino. Ndati ndikuthokozeni pagulu chifukwa cha kanema wamkulu amene munatitumizira, mungamati kuno kuli anthu osayamika.

Anyamata anu atafika anazula bolodi lathu n'kukalitaya kuseri kwa chimbudzi, pamalo pake n'kukhomapo kanemayo. Anatiuza kuti ana amakono sakopeka ndi munthu wa fumbi la choko m'malaya, amafuna zowala. Ine anandiletsa kuima kutsogolo. Ntchito yanga tsopano ndi kudina batani n'kukakhala pambali. Msana wanga ukupereka moni.

Choyamba, ndithokoze chifukwa cha mayi amene amaphunzitsa m'kanemamo. Ana anawapatsa dzina loti Anti Mwakhoza. Mayiwa satopa, sakalipa, satuluka thukuta. Akafunsa funso amadikira pang'ono, n'kumwetulira, n'kunena kuti, "Mwakhoza, ana inu." Mwana ayankhe zoona, wakhoza. Ayankhe za m'mutu mwake, wakhoza. Tsiku lina ana ali panja kusesa, m'kalasi munalowa nkhuku ya alonda n'kutetera kamodzi. Nayonso inakhoza. Ine m'zaka zanga zonse za uphunzitsi sindinakhozetsepo nkhuku.

Chachiwiri ndi magetsi. Akathima, Anti amathima nawo mawu ali m'kamwa. Pakhoma pamatsala galasi lakuda, atsikana n'kumakonzerapo tsitsi, anyamata n'kumafinyirapo ziphuphu. Kunena zoona, sindinaonepo ana akuyang'ana kutsogolo mwachidwi chotere. Munalonjeza chidwi, Bwana, ndipo chidwi chafika.

Chachitatu n'cholemera pang'ono, mundikhululukire. Titalemba mayeso oyeserera kunabwera mayi wina wosoka zovala, tepi yoyezera ili m'khosi, mwana wake wamkazi atamugwira padzanja. Anandifunsa mofatsa kuti zatheka bwanji kuti mwana wobwera kunyumba tsiku lililonse akunena kuti wakhoza, pepala lake lifiire chonchi ndi inki. Mtsikanayo samu yogawa saidziwa n'komwe, chonsecho amakhala kutsogolo ndipo sajomba. Ndinangowalozera mphunzitsi weniweni pakhoma. Mayiwo anaima pamaso pa kanema n'kubwereza funso lawo. Anti anadikira pang'ono, anamwetulira, n'kuwauza kuti akhoza. Mayi aja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, ngati akundiyeza suti ya m'bokosi la maliro, n'kutuluka osatsanzika. Mwana anatsala kuseri kwa chitseko akulira.

M'mawa mwake ndinatenga kalasi yonse kupita nayo kuseri kwa chimbudzi. Tinaimika bolodi lija, ndinatola kachoko m'thumba la jekete, n'kuyamba samu yogawa pachiyambi penipeni. Fungo linalipo, ntchentche nazo zinabwera kudzaphunzira, koma ana anafunsa mafunso mpaka mawu anga anasasa. Mtsikana uja analakwitsa, ndinamuuza kuti walakwa, anakwiya, anabwereza, n'kupeza yankho yekha. Woyendera sukulu wanu anatipeza komweko mphuno ataitseka ndi mpango. Anati ndikubweza dziko m'mbuyo, ndipo ndikadzabwereza adzandisamutsira kusukulu yopanda ndi soketi yomwe. Ndinamuthokoza kwambiri, poti mwina kumeneko bolodi likadali pakhoma.

Chomaliza chikukhudza inuyo. Pamwamba pa kanema pali kadiso kowerenga nkhope za ana obwera kusukulu. Chithunzi chanu chimene munalamula kuti chipachikidwe kumbuyo kwa kalasi, kadisoko kamachiwerenganso. Choncho, Bwana, ndinu mwana wa m'kalasi mwanga. Simunajombepo, ngakhale Loweruka ndi Lamlungu. Simulongolola, simupempha kupita panja. Vuto lanu ndi limodzi: ntchito ya kunyumba simunabweretsepo, ndipo ndikakufunsani funso mumangomwetulira. Makinawo anakulembetsani kale mayeso. Ahedi anayesa kukufufutani, koma makina anakana, akuti mwana wakhama chotere sachotsedwa.

Pempho langa ndi laling'ono. Tsiku la mayeso mubwere mudzalembe pamodzi ndi anzanu. Galimoto mudzaisiye panja, foni mudzaisiye kwa alonda, pensulo ndidzakubwerekani. Musade nkhawa ngakhale pang'ono, chifukwa phunziro lililonse limene anzanu anamva, nanunso munalimva. Zotsatira, monga mwa nthawi zonse, timamata pageti, dzina lililonse ndi malikisi ake, pamalo poti aliyense wodutsa awerenge.

Ndine wanu wogonjera,
Mphunzitsi wanu wa masamu