Simenti Yanga Ili Pansi pa Dothi

Lolemba, 1 Ogasiti 1994
Matekenya atatu m'zala za Tiyezge. Mwana wokwawa! Amake akuchotsa ndi phini, iye akulila, ine ndikutukwana pansi pa nyumba. Dothi limeneli lichoka sabata ino. Ndanena.

Zoti ndisankhepo:
- Matabwa: chakudya cha chiswe.
- Mphasa: Tiyezge sasiyanitsa mphasa ndi chimbudzi.
- Kapeti wa pulasitiki ngati wa aphunzitsi aja ochokela ku Chipata: Suzgo, mkulu wake wa Tiyezge, anang'amba chikuto cha Baibulo, nanga pulasitiki?
- Simenti. Basi.

Mmisili sindimufuna. Ndinaima masiku awili kuonelela pomanga kiliniki, ndipo maso ndili nawo.

Lachiwili
Matumba awili pa njinga kuchokela ku boma. Limodzi laphulika potsikila kumtsinje. Ndawola ndi chipewa. Amake Suzgo akuti, "Mwayela ngati mzukwa." Akutinso matekenya akuchokela ku khola la nkhumba limene ndinamanga kuseli kwa nyumba. Nkhumba zikulowa bwanji m'nkhani ya simenti?

Lachitatu
Katundu yense panja, banja likagona kukhitchini. Mchenga mabeseni asanu, simenti limodzi. Itayamba kuchepa, mabeseni asanu ndi awili. Cha kukhomo ndangosiya kuwelenga. Ndasalaza ndi thabwa la benchi. Yakongola! Lamulo: sabata yathunthu palibe phazi loponda muno.

Lachinayi
Mapazi amene aumila mu simenti:
- a Suzgo, akuti amafuna legeni yake
- a thadzi, popita ndi pobwela
- mawondo a Tiyezge
- langa limodzi, pothamangitsa thadzi.

Palibe kanthu. Chofunika tsopano ndi madzi, apo ayi ing'aluka. Ndayala mchenga pamwamba n'kuunyowetsa, monga anachitila ku kiliniki. Maulendo asanu ndi umodzi ku mjigo. Azimayi akuti, "Abambo akuthilila nyumba kuti imele." Aziseka. Ana awo ndiwo akuyenda chotsimphina.

Lachisanu
Apongozi afika kuchokela ku Magodi osatumiza mawu, nkhuku kukhwapa. "Monile mose." Ine ndanjuta patali cha kunkhokwe, maso pansi, monga mwa mwambo. Asuzumila m'nyumba. Aona mchenga wonyowa. Kenaka ndawamva akufunsa mwana wawo, "Kodi iwe, kuzila nyumba ndinakuphunzitsa kapena ayi?"

Ndauza amake Suzgo kuti akawafotokozele za simenti. Akuti, "Si inu mumalankhula mosabisa? Kawauzeni."

N'zoona. Ine ndimauza aliyense pamaso, ngakhale akatekisiti. Koma mkamwini sayang'anizana ndi apongozi n'kumawaphunzitsa za nyumba. Mawa ndipeza njila.

Loweluka
Ndalawila kukabweleka mgolo wa madzi. Ndabwela masana. Apongozi ali chogwada m'nyumba, mwala wozilila m'manja. Mchenga wanga asesa. Pansi ponse, kuyambila kuchipinda mpaka pakhomo, azila ndi dothi lakuda la kudambo. Kusalala ngati mtsuko.

Uthenga wabwela kudzela mwa mwana wawo, amene akuluma nsalu kuti asaseke: "Akuti pansi panali pouma ngati mwala, ndi mapazi a nkhuku. Koma musade nkhawa, abisa zonse, alendo sadzaona."

Mawu afika pakhosi, onse, ndi otukwana omwe. Ndaomba m'manja. "Yewo chomene, amama."

Kenaka ndatenga nkhwangwa n'kugwetsa khola la nkhumba, chifukwa lelo china chake chimayenela kugwa.

Lamulungu
Nkhumba zili kumunsi kwa munda, zomangilila ku mtengo, zikudandaula. Pamene panali khola ndatenthapo udzu. Tiyezge akukwawa pa dothi ngati kale. Ndamugwila n'kuona zala zonse, chimodzi chimodzi. Tekenya watsopano palibe. Amake Suzgo sananene kanthu za nkhumba, akungoimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza kuposa masiku onse.

Apongozi akuti akhala mpaka mvula yoyamba, ndipo azizila Loweluka lililonse.

Simenti ilipo. Ndagogoda ndi chidendene, yayankha. M'mudzi muno ndine ndekha amene ndili nayo, ndipo wodziwa zimenezi ndi ine ndi chiswe.