Mizukwa ya a Nasiru

A Nasiru, alamu anga a ku Malengachanzi, ankagula mizukwa. Anthu ena pa okushoni, pogulitsa katundu mokwezerana mitengo, amalimbirana njinga, ukonde, filiji. Iwo akangomva kuti kwinakwake akutseka nyumba ya vidiyo, ankakwera kabaza kukagula matepi akale a mafilimu oopsa pamodzi ndi zithunzi zomata pakhomo zija: munthu wa mano ngati a ng'ona, mtembo wodzuka m'manda, mayi wonyamula mutu wake m'manja.

Ine sukulu ndinalekezera sitandade 3, ndipo kukometsa nkhani sindidziwa. Ndinena mmene zinalili. Munthu ameneyu anali wamantha kuposa nkhuku. Palibe filimu ndi imodzi yomwe imene anaionera ndi maso ake. Kale, mavidiyo akadali otchuka ku boma, ankalipira pakhomo, n'kukhala chofulatira kanemayo, n'kumakodola woyandikana naye.

"Chamugwira?"

"Sichinamugwire."

"Chikamugwira musandiuze."

Ku Dwangwa ndinawaperekeza kamodzi. Wogulitsa ananyamula katoni ya matepi ochita nkhungu, anthu n'kuseka. A Nasiru anakweza dzanja. Wogulitsa anatchula mtengo wokwererapo pongoyesa, iwo n'kukwezanso.

"Alamu, mukulimbana ndi ndani? Muli nokha."

"Mwina wina akuganizira chamumtima, alamu. Ndikumutsekereza."

Kunyumba kwawo kunalibe magetsi, kunalibe deki yoonetsera matepiwo. Ndinawafunsa chimene ankagulira zinthu zoti sangazionere.

"Chinthu chikakhala m'katoni mwanga, ndimadziwa pamene chili," anatero. "Ndimagona bwino."

Kenaka mzungu wina anatseka loji yake yogona alendo kufupi ndi Bua, katundu n'kumuika pa okushoni. Pakati pa masipuni ndi matiresi panapezeka chigoba cha mphira chovala kumutu, nkhope yobiriwira ngati yovunda, diso limodzi lolendewera. A Nasiru anachigula, koma kuchikhudza ayi. Anauza wogulitsa achiponye m'thumba la mpunga, iwo n'kulikoleka kunsonga kwa nsungwi yaitali, ulendo wonse thumba lili uko, iwo ali kuno.

Mlongo wanga Mariam, mkazi wawo, sakonda fumbi. Anachichapa ndi sopo n'kuchiyanika pachingwe pambali pa kanzu ya mwamuna wake. Tsiku limenelo a Nasiru anadyera kwathu.

"Alamu, kaoneni ngati chauma. Chikauma, Mariam achichotse."

Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Sitinaganize kuti chingwe chija chinali m'mbali mwa njira ya kumjigo.

Chaka chatha ana awiri a m'mudzimo anamwalira ndi malungo mwezi umodzi. Mawu anayambira kumjigo komweko, akuti a Nasiru amayanika khungu la munthu. A Nasiru atamva anandifunsa, "Ndiye kuti m'mudzi muno muli mfiti?" Sanazindikire msanga kuti akunenedwawo ndi iwo. Atazindikira analeka kutuluka. Chifuwa chinawatenga mu Febuluwale.

Kwathu kuno jeneza, chonyamulira maliro chija, siilemera, chifukwa munthu amanyamula masitepe ochepa mnzake n'kumulandira. Ya a Nasiru tinainyamula anthu asanu ndi mmodzi, ashehe omwe, kuchokera kunyumba mpaka kumanda popanda wotilandira. Phewa langa silinachire mpaka lero.

Patapita masiku atatu anthu anatulutsa makatoni onse n'kuwatentha pabwalo. Matepi akamapsa amanunkha moipa. Anthuwo anati fungolo ndiwo umboni.

Chigoba chokha ndinachipulumutsa m'malaya. Mkati mwake, chapakhosi, muli zilembo zoti chinapangidwa ku China. Zimenezo ngakhale wa sitandade 3 amawerenga. Ndayenda nacho khomo ndi khomo kuti anthu aone okha, Mariam apume. Amatseka zitseko ndisanamasule thumba. Mayi Liness, oyandikana nyumba ndi Mariam, ndi okhawo amene anandiyankha, ali kuseri kwa zenera.

"Nanga afiti ku China safikako, bambo?"

Mpunga wa Mariam palibe akuugula. Akafika pamjigo, ndowa za anzake zimasuntha. Loweruka likubwerali akupita ku Salima kwa mwana wake, kusiya nyumba imene wakhalamo zaka makumi anayi. Ndamuuza kuti adikire, zoona zidziwika. Wangopitiriza kumanga katundu.

Mudzi uja tsopano wangoti zii. Kabaza akadutsa palibe amene amathamangira kukaona chimene a Nasiru abwera nacho, palibenso woti timuseke. Chigoba chija ndinachiika m'katoni kunsi kwa bedi langa. Ndimadziwa pamene chili, alamu, koma sindigona bwino.